Mutu wa Dothi wa Bambo Lameck

Bambo Lameck anatopa nako kunenedwa kuti sapemphera. Lamulungu lililonse ankakhala ali pa shifiti kunyumba yosamalirako okalamba ku South Bend, moti abusa anayamba kuwatchula m'pemphero limodzi ndi odwala ndi osochera.

Tsiku lina mwana wawo Tiffany, amene ankaphunzira zoumbaumba ku Indianapolis, anawatengera kumyuziyamu, kunyumba yoonetserako zinthu zakale. Kumeneko anaona mitu ya dothi itandandalikidwa m'galasi. Tiffany anawafotokozera m'Chingerezi chake chija kuti Agiriki ndi Aetrusika akale ankasiya mitu yotereyi m'kachisi ngati nsembe, kuti milungu iziona nkhope zawo eniakewo atachoka.

"Amenewo ndiye anali anthu oganiza," anatero a Lameck. "Undiumbire wanga, dazi lomwe lioneke."

Tiffany atawaumbira mutuwo, a Lameck anakausiya pabenchi yachitatu kutchalitchi. Sunajombepo, sunawodzerepo, sunasuzumirepo pafoni ulaliki uli mkati. Pamisonkhano ya mpingo sunatsutse kanthu, ngakhale nkhani yogulira abusa galimoto. Chaka chisanathe abusa anali akuutchula paguwa ngati chitsanzo cha Mkhristu wokhwima, ndipo pachisankho anthu anauvotera kukhala mkulu wa mpingo.

Atamva zimenezi, a Lameck anapempha tchuthi, navala suti kuti akalandire ulemu wawo. Analowa monyadira n'kulunjika pabenchi paja, koma mayi Evelina, olandira alendo, anawagwira mkono mwaulemu.

"Pepani bambo, pamenepa ndi pa a Lameck. Alendo amakhala kumbuyo."