Mnyamata Amene Anathamangira Kumanzere

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri a Mang Isagani Dimaculangan anaimbira masewero a besibo, a mpira womenya ndi ndodo aja, m'mabwalo afumbi a ku Batangas, ndipo palibe anawamvapo akubweza mawu. Akati watuluka, ndiye kuti watuluka, kaya ndiwe mwana wa meya. Maondo atayamba kukana, anawapatsa kadanga m'nyuzipepala ya m'chigawo kuti azilembamo zamasewero Lachisanu lililonse. Za mafilimu sankadziwa kanthu. Koma filimu imene inabwera mwezi umenewo inali ya besibo, ya ana asukulu okondana, ndipo mtsikana wosewera m'filimumo anali Marikit, mwana amene iwo anamunyamula pa ubatizo, amene mpaka lero amawatchula kuti Ninong. Mkonzi anangoti, "Iyi ndi yanu, Mang Gani. Lachisanu tiione."

Olemba za mafilimu a ku Manila anali ataionera kale n'kuisiya ngati khofi wozizira. Wina anati nthabwala zake n'zakale kuposa makolo a osewerawo. Wina anati awiriwo amayang'anana ngati anthu odikira jipini imodzi, minibasi ya kumeneko. Mwini sinema ya m'tauni anali atanena kuti mipando ikakhalabe yopanda anthu pofika Lamlungu, aichotsa.

Lachitatu m'mawa Nenita, mayi ake a Marikit, anafika ndi bibingka, mkate wa mpunga, wotentha wokutidwa m'masamba a nthochi. Chiyambire ubatizo wa mwanayo, iye ndi a Isagani ankatchulana Kumare ndi Kumpare, monga achibale.

"Kumpare, idyani. Mwaonda ngati ndodo yomenyera mpira."

"Kumare, bibingka wa Lachitatu ine ndimamuopa. Ali ndi mawu m'kati."

"Mawu ake ndi ochepa. Anthu a kuno amakukhulupirirani kuposa ansembe. Mukalemba kuti ndi yabwino, adzaza sinema. Zolemba za ku Manila zija ndi nsanje basi. Mwana wanu uja, Kumpare. Munamulonjeza pamaso pa Mulungu kapena pamaso pa nkhuku?"

Masana a Isagani anapita kukaionera. M'holo munali anthu asanu ndi awiri, awiri mwa iwo anangobwera kudzathawa dzuwa. Marikit anachita bwino ndithu, ngakhale maso ake ankaoneka ngati ali kwina. Kenaka kumapeto, mnyamata wa filimuyo, Jomar Villaruel, anamenya mpira wopambanitsa timu yake, n'kutaya ndodo, n'kuyamba kuthamanga.

Kumanzere.

A Isagani anaimirira osadziwa kuti aimirira. Ku Batangas ngakhale mwana woyamba kuyenda dzulo amadziwa kuti ukamenya mpira umathamangira kumanja. Koma uyu anazungulira bwalo lonse chakumbuyo, nyimbo zikulira, gulu likuombera m'manja, woimbira wa m'filimumo akumwetulira ngati ali pa ukwati.

Atafika kunyumba anapeza Marikit atakhala pa masitepe, atavala chipewa ndi magalasi akuda. Anadzuka, anatenga dzanja lawo n'kuligunditsa pachipumi pake monga mwa mwambo wolemekeza akulu.

"Mulungu akudalitse," anatero a Isagani. "Iwe mwana, unakulira pabwalo. Unaona mnzako akuthamangira kumanzere, osakuwa?"

"Anathamanga bwinobwino, Ninong. Koma pangano lake limati azimuonetsa tsaya lakumanzere lokha, ndilo lokongola. Ndiye a kampani anatembenuza chithunzi ngati pagalasi. Ndinawauza. Anati ndani angaone."

"Ndani angaone!"

Marikit sanaseke. Anavula magalasi.

"Ninong, Mama anabwera eti? Ndikudziwa chimene anapempha. Ine ndikupempha china. Filimuyi ikayenda bwino, kampani indimanga zaka zisanu ndi Jomar. Mafilimu, zotsatsa sopo, paliponse tigwirane manja, tizinamizira kuti timakondana. Sindingayende ndi munthu wina, sindingamete tsitsi osapempha. Mama anasaina ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Koma ikagwa, andisiya. Ndibwerera kusukulu ya unamwino. Muiphe filimuyi, Ninong. Simunanamepo, musayambire pa ine."

Lachinayi lonse a Isagani anangozungulira m'nyumba ngati tambala womangidwa mwendo. Akayamikira, anama, ndiponso amutsekera mwana m'khola. Akaitsutsa, Nenita sadzawayankhulanso, ndipo ukumpare suthetsedwa ngati lendi, adzakumanabe pa maliro aliwonse, pa phwando la woyera aliyense. Anayesa kuuza mkonzi kuti akudwala. Mkonzi anati, "Dwalani mutalemba."

Analemba monga ankaimbira. Sanatchule za chikondi, poti sanazimvetse. Analemba kuti anthu amene anapanga filimuyi sanapondepo pabwalo, kuti ngwazi yake inapambana pothamangira kumanzere, kuti akanakhala iwo akanaitulutsa isanafike pangodya yoyamba, imene kwa iyo inali yachitatu. Anamaliza ndi mawu akuti munthu wokonda besibo asataye nthawi yake.

Lachisanu nkhaniyo itatuluka, Nenita anadutsa pakhomo pawo nkhope ili kumbali.

Loweruka masana a Isagani anamva phokoso kumsewu. Majipini atatu, odzaza anyamata a matimu a kuminda ya nzimbe, atavala mayunifolomu awo, akulowera kutauni. Mmodzi anatulutsa mutu.

"Mang Gani! N'zoona wathamangira kumanzere? Tikukadzionera tokha!"

Lamlungu mzere unafika mpaka kumsika. Anthu ankadikira maola awiri achikondi chifukwa cha mphindi imodzi ija. Jomar akataya ndodo, holo yonse inkaimirira n'kukuwa, "Kumanja, m'bale! Kumanja!" Agogo ankagwetsa misozi ndi kuseka. Ena ankabwereza katatu, atatenga achibale. Wina anajambula mkuwowo pafoni, ndipo pofika sabata yotsatira ankakuwa chimodzimodzi ku Laguna, ku Cavite, mpaka ku Manila komwe. Olemba aja anabwerera kukaionanso. Amene anati nthabwala zake n'zakale analemba kuti filimuyi ili ndi nzeru yobisika imene anthu wamba anaizindikira msanga.

Nenita anabwera ndi bibingka awiri.

"Kumpare, ndinu mfiti! Ine ndimati mwatipha, kani mumadziwa chimene mukuchita. Ndayatsa kandulo m'dzina lanu."

A Isagani anafuna kufotokoza, koma afotokoze chiyani? Analemba zoona zokhazokha.

Patapita masabata atatu, galimoto yoyera ya magalasi akuda inaima pakhomo. Marikit anatsika, tsitsi lake lapentedwa mtundu umene sanasankhe yekha. Pambuyo pake panatsika Jomar, ndi munthu wina wa kamera. Marikit anatenga dzanja la a Isagani n'kuligunditsa pachipumi, ndipo analigwira nthawi yaitali kuposa mwambo.

"Munayesa, Ninong," ananong'ona.

Jomar naye anawerama n'kutenga dzanjalo. "Zikomo, Ninong. Filimu yachiwiri tiyamba mwezi wamawa. Akuti ndithamangirenso kumanzere, anthu akukonda. Mubwere mudzakhale woimbira."

Wa kamera anawauza kuti ayandikane, Jomar aime mbali ya tsaya lake labwino, ndipo Marikit amugwire dzanja. Marikit anamugwira.

"Mang Gani, mwetulirani pang'ono," anatero wa kamera.