Mabanzi a Rhoda

Tsiku lomaliza kuwaona achemwali anga a Virginia ali moyo, anali atakhala pakhonde m'mawa, akudula mabanzi ndi kampeni kawo kotumbulira nsomba. Ine ndinali nditavala kale, chikwama chili kumsana, ndikudikira wakabaza woti akanditule ku Kachulu ndikakwere minibasi ya ku Zomba. Anadula mabanzi awiri, kuwapaka chiponde chosinja okha, n'kuika nthochi pakati. Onse awiri anawapanikiza m'kakontena kakale ka majarini ka mwana wawo Rhoda, yemwe anali Sitandade 2.

"Mabanzi awiri kamwana aka?" ndinatero. "Kakukakoka khoka kusukuluko?"

"Iwe Lloyd, pita ukaphunzire za zakudyazo," anayankha osadzutsa mutu. "Ukamaliza udzatiphunzitse kudya."

Ndinaseka n'kukwera njinga. Sindinacheuke.

Patatha milungu itatu anagwa m'munda ku Likangala akuwokera mpunga, ndipo anatsirizikira pa njinga yamoto asanafike kuchipatala.

Koleji ndinaisiya ndili chaka chachiwiri. Anthu amati ndi nkhani ya fizi, popeza ankandilipirira ndi achemwaliwo ndi geni yawo ya matemba. N'zoona, koma si zokhazo. Bambo ake a Rhoda anapita ku Joni mwanayo akukwawa, ndipo nambala yawo inasiya kupezeka. Makolo athu anatisiya kalekale. Abale anabwera pamaliro, analira, anadya, pobwerera ananyamula mapoto aakulu aja. Rhoda anatsala ndi ine, malume wake.

Amayi athu aang'ono a ku Phalombe sanabise maganizo awo. "Mnyamata sangalere mwana wamkazi. Tikupatsa teremu imeneyi. Tikadzaona kuti wayamba kuonda, tidzamutenga."

Zimene ndinabwera nazo kuchokera ku koleji ndi kope limodzi lodzaza ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya, komanso mtima woti ndionetse anthu. Kumeneko buledi woika zinthu pakati tinkamutcha sangweji. Achemwali ankangoti kamba. Ndinaona kuti mabanzi awiri ndi ufa wokhawokha m'mimba mwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, bola limodzi koma lokhala ndi zinthu zenizeni m'kati. Tsiku loyamba ndinaphwanyiramo dzira lowiritsa ndi tomato. Inali nyengo ya mapeyala, choncho tsiku lina ndinakanya peyala ndi matemba okazinga, nditachotsa mitu n'kuwasinja kuti minga isamulase. Ndinayesa nyemba zophwanya ndi anyezi. Ndinafika pothira kamandimu kuti peyala lisade, monga ndinalembera m'kope.

Ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinagwada pamaso pake ndikumumanga lamba wa yunifomu. Ndinkakumbukira anyamata akuluakulu a m'nthawi yanga, olanda anzawo zakudya kuseri kwa kalasi.

"Ichi ndi chako wekha. Usagawire wina aliyense, wamva? Za kugawanagawana ayi."

"Ndamva, ankolo."

Kakontena kanabwerera osatsegulidwa. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinkatsegula madzulo, fungo la dzira lotentha ndi dzuwa n'kundimenya kumaso, kenaka n'kukapatsa nkhuku.

"Sichikukoma?"

"Chimakoma, ankolo."

"Wadziwa bwanji usanalawe?"

Ankangoyang'ana zala za kumapazi. Ndinkaganiza kuti ndi maliro. Inenso chakudya ndinkangochisiya m'mbale, ndiye mwana ndikanamunena chiyani? Madzulo ankadyako pang'ono. Koma amachoka m'mawa atangomwa tiyi, mtunda wake ndi wautali, ndipo pofika kumayambiriro a Malichi lamba uja ndinkamumanga mfundo ziwiri kuti yunifomu isalendewere. Aphunzitsi ake anatumiza kakalata koti akachoka ku buleki amangogona pa desiki, ndipo tsiku lina anachita chizungulire pamzere. Teremu inali itatsala milungu yochepa. Amayi aang'ono anali atayamba kuimba foni Lamlungu lililonse, akufuna alankhule ndi mwanayo.

Lachitatu lina ndinapita kusukuluko nthawi ya buleki, ndikuti ndikagwire amene akumuopseza. Ndinaima kuseri kwa mtengo wa bulugama pafupi ndi mjigo. Panalibe womuopseza. Rhoda anali atakhala pamuzu wa mango ndi kamtsikana kovala mpango kumutu, kakontena kali pamiyendo, manja onse awiri atagwira chivindikiro. Mnzakeyo anamasula kajumbo, anatulutsa mbatata yootcha, anainyema pakati n'kumupatsa. Rhoda anapukusa mutu. Mnzakeyo anayang'ana mbatatayo kanthawi, kenaka anaibwezera m'kajumbo n'kumanga. Anakhala choncho, akujambula pansi ndi timitengo, mpaka belu linalira.

Kamtsikanako ndinkakadziwa. Ndi Sauda, mwana wa a Maliyamu, anzawo a achemwali pa geni ya nsomba. Ndinapalasa njinga mpaka ku Kachulu, ndipo ndinawapeza akuyala matemba pa thandala.

"Eee, ankolo a Rhoda! Mwabwera kudzationetsa dipuloma?"

"Dipuloma yake iti, amake Sauda. Ndabwera kudzafunsa za ana."

Ndinawafotokozera zimene ndinaona. Anapitiriza kuyala, akutaya tinkhono ndi zinyalala pambali.

"Inu mumaika mabanzi angati?"

"Limodzi."

"Virginia ankaika angati?"

"Awiri."

"Linalo linali la Sauda," anatero. "Chiyambire Sitandade 1. Ine ndimalawirira kuno maboti asanafike, moto sindikoleza. Virginia anati, iwe zipita kunyanja, ana ndiziwaonera ine. Ine Loweruka ndinkamutumizira mbale ya matemba. Simunaone kuti m'kamba mwake simunkalowa nyama wamba? Akafuna kuikamo nkhuku ankayamba wapita nayo kwa a Shaibu a kumzikiti kuti akaizinge, poti ife sitidya yozinga wina aliyense."

Ndinakumbukira achemwali akudutsa ndi nkhuku kukhwapa, ine n'kumawaseka kuti akuopa magazi.

"Bwanji simunandiuze?"

"Pamaliro ndikanayamba nkhani ya banzi? Ndimati mudzaona nokha, poti ndinu ophunzira." Anandiyang'ana, ndipo nkhope yawo inafewa. "Sauda anandiuza. Akuti ankolo ake analetsa zogawana. Ndiye mwanayo akukumverani, sakugawa, sakulandiranso. Koma mwana wa Virginia angatsegule kontena mnzake akumuyang'ana pakamwa? Wangayonso mbatata akubwerera nayo kunyumba. Akuti singalowe Rhoda ali chikhalire."

"Ndinkaopa anyamata olanda."

"Olanda alipo. Koma inu mwalanda awiri nthawi imodzi."

Anatapa matemba odzaza manja awiri, anawakulunga m'nyuzipepala n'kundipanikiza nawo pachifuwa. Ndinayamba kupisa m'thumba.

"Chotsani dzanja m'thumbamo, achimwene, musandichititse manyazi."

Pobwerera ndinadzera pa uvuni wa mabanzi. Njira yonse ndinkamva mawu aja, ukamaliza udzatiphunzitse kudya. Ndinkafuna ndiwakwiyire achemwali chifukwa chosandiuza, koma ndinkadziwa kuti ndinawafunsa mwachipongwe, ndipo anandiyankha moyenera chipongwecho.

M'mawa mwake ndinakhala pakhonde pomwe paja. Kampeni kawo ndinali ndisanakagwirepo chimwalirireni, kanali katatsomekedwa kudenga. Ndinakatsitsa, kukatsuka, n'kudula mabanzi awiri. Rhoda anatuluka akutikita maso, ndipo anaima pafupi ndi mzati.

"Banzi ili n'la Sauda," ndinatero. "Zija ndinanena zija ndinalakwitsa. Muzigawana. Akakupatsa mbatata uzilandira."

 Anayang'ana ndikukanya peyala ndi matemba a amake Sauda. Nditatenga tomato anasendera pafupi.

"Sauda sadya tomato wosaphika. Amati amamuyabwa kukhosi."

"Chabwino. Nanga iwe?"

"Ine ndimadya." Anakhala pansi. "Amayi ankaika chizindikiro. Langa ankalidula kakona."

Aka kanali koyamba kutchula amayi ake chichokereni kumanda. Ndinadula kakona ka banzi lokhala ndi tomato. Kachidutswako ndinasowa kochita nako.

"Ankadya okha," anatero Rhoda.

Ndinakaika m'kamwa. 

Mabanzi awiriwo sankakwana m'kakontena. Ndinayesa chopingasa, ndinayesa choimika.

"Mupanikize ndi chikhatho, ankolo. Sawawidwa."

Ndinapanikiza, chivindikiro chinatseka. Ananyamula, anayenda pang'ono, kenaka anayamba kuthamanga, chikwama chikumumenya kumsana.

Tsiku limenelo ndinapita kukapalira mpunga umene achemwali anausiya theka, koma ntchito sinayende. Pofika masana ndinali nditabwerera pakhonde, maso ali kunjira. Anatulukira cha m'ma wani koloko, akukoka nthambi ya mango m'fumbi. Anaponya chikwama pamkeka.

"Ankolo, Sauda akuti mchere munachulutsa. Akuti mawa muike chiponde ndi nthochi, za nsombazi amazidya kwawo."

"Auze abwana akowo kuti ndamva."

Atalowa m'nyumba kukavula yunifomu, ndinatulutsa kakontena m'chikwama. Kanali kopepuka. Ndinatsegula. Munali nyenyeswa, khoko la mbatata yootcha, ndi mzere wa chala pomwe wina anakombeza peyala. Ndinatenga foni, ndinawaimbira amayi aang'ono ndisanadikire Lamlungu, ndinawauza kuti ngati akubwera abwere kudzacheza, koma chikwama chodzatengera zovala za mwana asabwere nacho.

Linali Lachinayi, pa 14 Malichi 2024.