Mtsikana wa Lachitatu

"Mwaiona mphunoyo, achimwene?" Sachie ananong'ona. "Ndi ya bambo."

Noboru anayang'ana mtsikana wovala zakuda amene anaima pafupi ndi khomo. Thupi la bambo awo, a Tokunaga, linali litangolowa m'ng'anjo yowotchera maliro, ndipo abale ankadikira kuti akatole mafupa ndi timitengo, awiriawiri, monga mwa mwambo wawo. Mtsikanayo panalibe womudziwa, koma analira kuposa ana a malemu, zomwe Noboru anaona kuti ndi mwano.

"Zaka makumi atatu akuti akumvetsera mavuto a ana kunyumba yolerera amasiye," anatero Sachie. "Mwina mmodzi anali wawowawo. Akangogwira timitengo pamaso pa azakhali, mawa tigawana naye nyumba."

Noboru, yemwe kuofesi ankalamulira anthu anayi ndipo sankalola aliyense kuiwala, anamanga batani la jekete n'kupita.

"Pepani, ndinu ndani kwa malemu?"

"Ndine Chizuru. Ndinkaonana nawo Lachitatu lililonse, folo koloko."

"Mayi anu ndani?"

"Nanenso ndikanakonda kudziwa."

Noboru anatsokomola. "Nanga mukufuna chiyani?"

"Chitulukireni m'nyumba yolerera ija, papepala lililonse lofunsa wachibale ndakhala ndikulemba dzina lawo. Anandiuza okha. Tilipo khumi ndi mmodzi, enawo ali panja. Atuma ine chifukwa ndili ndi diresi yakuda. Tikupempha kunyamulako fupa limodzi basi."

"Khumi ndi mmodzi!" anatero Sachie, yemwe ankamvetsera chakumbuyo, zala zake zikuwerenga zipinda za nyumba ya bambo awo.

"Zimenezo n'za banja," anatero Noboru, n'kukakhala pabenchi ngati munthu amene watseka msonkhano.

Chizuru sanatsutse. Anakhala pabenchi lomwelo, osati moyang'anana naye koma pambali pake, maso ali pakhoma. Anatulutsa nachesi m'chikwama, n'kusenda pang'onopang'ono, theka n'kuika pakati pawo.

Noboru anadikira msampha. Anakonza mayankho atatu, limodzi lotchula loya. Funso silinabwere.

"Kunyumba bambo sankamvetsera aliyense," anangodzimva akunena. "Ankafika makutu atadzaza kale. Ukayamba kulankhula, atagona pampando."

"Mm," anatero Chizuru.

"Ine ndinalibe tsiku langa."

Chizuru sanamupepese, sanawaikirenso kumbuyo malemu. Anangokankhira nachesiyo kufupi. Noboru anadya, ndipo analankhula za mpikisano wosambira umene bambo ake anafika utatha. Sachie ankawayang'anitsitsa ali patali, akufanizabe mphuno.

Wogwira ntchito pamalopo atabwera kudzawaitana, Noboru anapukuta zala n'kubwezeretsa mawu ake a kuofesi.

"Limodzi lokha," anatero. "Laling'ono. Mugwira ndi ine, kuti ndizikuonani."

Chizuru sanadzuke. Anayang'ana wotchi yapakhoma, kenako anakweza dzanja kwa wantchitoyo kuti adikire pang'ono.

"Munali musanamalize," anauza Noboru. "Atafika mpikisano utatha, kenako?"