Mzere Wachitatu wa Fanuwelo

Ndaziona analota masana, dzuwa lili paliwombo, atakhala pakhonde la nyumba yake ku Chinamwali, laputopu ili pamiyendo. Analota kamzere kaja kophethira pa sikirini, kamene kamasonyeza pamene munthu walekezera kulemba, katatsika n'kuima pasimenti. Kanali kotalika ngati munthu wamkulu, kowonda ngati bango, ndipo kankangooneka n'kusowa, kuoneka n'kusowa.

"Mwaswera bwanji, mayi?" kanatero.

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ife miyendo yatopa. Taima pamalo amodzi miyezi khumi ndi umodzi."

Ndiyambe ndakuuzani za laputopuyo, mungasochere. Inali ya malemu achimwene ake, a Fanuwelo, amene ankagwira ntchito ya makompyuta mkati mwa sabata, koma Loweruka ankaphunzitsa kwaya ya kumpingo. Nyimbo ankapeka okha, n'kumazilemba ndi ma do re mi mu pulogalamu yolembera mawu. Ankatsegula mawindo anayi moyandikana, la sopulano, la alito, la tenala ndi la besi, ndipo pansi pake pankakhala windo lachisanu la nyimbo imene akuipeka. Nyimbo yomaliza sanaimalize. Kamzere kophethira kaja kanatsala pakati pa ndime yachiwiri, ndipo Ndaziona ankakonza nyimbo zina zonse m'mawindo enawo, koma lachisanulo sanalikhudzepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ali m'chipatala, a Fanuwelo anamulembera kapepala ka mizere itatu n'kukamata pafupi ndi kiyibodi. Mzere woyamba unali wosunga seshoni, ndiko kuti mmene mawindo atsegukira ndi pamene kamzere kaima, kuti ukazimitsa n'kuyatsanso upeze zonse monga unazisiyira. Wachiwiri unali wodinda ntchito ya tsikulo mu git, pulogalamu yosunga mbiri ya chilichonse chimene wasintha, n'kulembapo mawu ofotokoza zimene wachita. Wachitatu unali wokankhira zonsezo pa intaneti, kumene iwo ankasunga nyimbo zawo zakale. "Wachitatuwu, chemwali, tidzachitira limodzi ndikatuluka," anatero. Sanatuluke. Ndiye Ndaziona, ndi liuma lake lija, ankachita mizere iwiri tsiku lililonse, wachitatuwo n'kumaulambalala ngati manda.

Sabata imeneyo laputopu inali itayamba kulira mkati, ka-ka-ka. A Jafali okonza makompyuta pamsika anaitchera khutu n'kunena kuti disiki yake, mosungira zonse za m'laputopumo, ikuwerenga masiku. Ndaziona anangoseka. "Zonse ndinasunga, bambo." A Jafali anapukusa mutu n'kuti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi, wapachala ngwamphepo." Koma munthu wake ndi womva ngati?

Tsono kamzere kaja kanati, "Tiyeni, akukudikirani." Kanakankha sikirini ngati chitseko, ndipo onse awiri analowa.

Mkatimo munali nyumba ya zipinda zinayi. Chipinda cha sopulano chinalibe denga. Manotsi anatera pawaya ngati anamzeze, ndipo Ndaziona atadutsa onse anamupatsa moni ndi mawu okwera mpaka makutu kuyabwa. M'chipinda cha alito munkanunkhira zovala zosita kumene. Cha tenala chinali chopanda munthu, mipando yokhayokha. "Sanafike," kanatero kamzereko. Ndaziona anaseka mpaka kugwira khoma, chifukwa atenala a kwaya yawo sanafikepo pa nthawi yake chiyambire. Cha besi chinali chotsikira pansi, madzi ofika m'akakolo, ndipo mabenchi ankang'ung'udza okha. Kumapeto kwake kunali khomo, ndipo khomolo linatsegukira kumtsinje.

Koma abale, anthu ake! Gombe lonse linali lodzaza, ndipo aliyense anali Ndaziona. Panali Ndaziona wovala yunifolomu ya kwaya, Ndaziona wa chitenje cha mbalame chija chinapsa ndi simbi, Ndaziona wa chimfine atamanga mpango m'khosi, wina tsitsi lomanga theka. Ena ankaotcha chimanga, ena ankasewera bawo, ena ankamangana tsitsi, ndipo aliyense anali ndi kapepala pachifuwa.

"Amenewa ndani?" anafunsa.

"Masiku anu, mayi. Lililonse limene munalidinda linabwera kuno. Mapepalawo ndi mawu amene munkalembapo aja."

Anayamba kuwerenga, manyazi n'kumugwira. Wina analembedwa kuti "Ndakonza alito ya nambala 14." Ameneyo ndiye anali waulemu. Wotsatira anali "Ndakonzanso." Kenako "Ndakonzadi tsopano." Kenako "Sindikudziwa chimene ndachita." Wina, wonenepa bwino ndi wansangala, anangolembedwa kuti "eeee." Masikuwo ataona mwini wake anaimba nthungululu, n'kumuzungulira, uyu kumugwira dzanja, uyu kumupatsa chimanga. Ndaziona anakondwa kwambiri. Iye ankayesa kuti chaka chonsecho anali yekhayekha, osadziwa kuti anali khamu.

Mmodzi, wolembedwa kuti "Ndafufuta kolasi mwangozi, Ambuye," anaima patali nkhope ili pansi. Limenelo linali Lachiwiri la mwezi wa Meyi, tsiku limene Ndaziona analira mpaka mutu kuwawa. Koma Lolemba lake linatulukira kumbuyo, litanyamula kolasi yonse m'lichero, yosasowa ndi notsi imodzi yomwe.

"Ndakhala nayo nthawi yonseyi," linatero Lolemba. "Simunandifunse."

"Paja amati madzi akatayika sawoleka," anatero Ndaziona.

"Kwanu kumeneko. Kuno timawola."

Anthu akuseka choncho, nthaka inalira pansi pa mapazi awo, ka-ka-ka, ndipo chibuma chachikulu cha gombe chinagumukira m'madzi pamodzi ndi bawo limodzi. Masikuwo anangosuntha pang'ono n'kupitiriza kucheza. Ndaziona ndiye anasiya kuseka, chifukwa kulira kumeneko ankakudziwa. Kunali kwa disiki ija.

Anayang'ana kutsidya. Kumeneko nthaka inali yolimba, ya mwala, ndipo pamwalapo panaima a Fanuwelo ambirimbiri, mizeremizere ngati kwaya. Analipo a Fanuwelo a ndevu, a Fanuwelo asanayambe kuvala magalasi, a Fanuwelo a jekete lija la ukwati wa msuweni wawo. Onse ankamuimikira manja.

"Awo anawoloka kale," kanatero kamzereko. "Mwini wake ankawakankha tsiku ndi tsiku. Watsala mmodzi."

Masiku a Ndaziona anapatuka n'kusiya njira. Kutsogolo kwenikweni kwa mzere, m'mphepete mwa madzi, pa benchi ya m'chipatala, panakhala a Fanuwelo owonda, atafunda bulangete la buluu. Pachifuwa pawo panalembedwa kuti "Ndayamba nyimbo yatsopano, ndatopa." Nyimboyo anaigwira m'manja ngati nkhuku. Inali ndi mutu ndi mapiko, koma kumbuyo kwake kunalibe kanthu.

Ndaziona anagwada. "Achimwene."

"Chemwali. Mwanenepa."

"Ndi inu mwaonda."

"Ndinaonda kale, musadandaule nazo." Anaseka kuseka kwawo kuja kogwedeza mapewa. "Mwandisunga bwino, ndathokoza. Tsiku lililonse ndimaona mnzanga watsopano akufika kumbuyo kwangaku, wina wake atalembedwa 'eeee.' Koma kusunga munthu m'nyumba imene ikugwa si kusunga. Nyimbo iyi kutsidya kulibe. Gombeli likapita, yapita, ndipo nanenso wa tsiku lomaliza ndapita nayo."

Patsogolo pawo panali bwato lopanda nkhafi, mphuno yake ili pamchenga. M'mbali mwake munalembedwa mzere wachitatu uja, ndi dzanja lawo lomwe.

"Munati tidzachitira limodzi," anatero Ndaziona. "Ine ndimadikira inu."

"Nanga pano tili angati?"

Ndaziona anayang'ana bwatolo. Chimene chinali kukhosi kwake chinali china, ndipo pomaliza anachilavula. "Ndikakukankhani, mupita. Ndinakuperekezani kale kamodzi. Kachiwiri ayi, sindingathe."

Apa a Fanuwelo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo a kutsidya aja nawonso anaseka, kuseka kwawo n'kufika mochedwa pamwamba pa madzi. "Chemwali, bwato ili si la maliro. Wokwera bwato ili amafika uko, komanso amatsala kuno. Tayesani muone."

Nthaka inaliranso, ka-ka-ka, ndipo mwendo umodzi wa benchi unatitimira. Basi zocheza zinathera pomwepo. A Fanuwelo anakwera ndi nyimbo yawo. Kenako masiku onse anakwera motsatana monga anabwerera, la Novembala patsogolo, la dzulo pambuyo, oposa mazana atatu m'bwato la anthu asanu, ndipo malo anatsalabe. Wa "eeee" anakwera ndi chimanga chake. Ndaziona anaika manja onse awiri kumbuyo kwa bwatolo. Dzanja lina, lowonda ndi lofunda, linatsika kuchokera m'bwato n'kukhala pamwamba pa lake.

"Limodzi," anatero a Fanuwelo. "Kankhani."

Anakankha. Bwato linatereka mopepuka ngati mbale pamadzi, n'kumapita, n'kumapita, mpaka linagunda mwala wa kutsidya. A Fanuwelo a ndevu anathandiza a Fanuwelo a bulangete kutsika. Ndaziona anapukuta m'maso n'kucheuka, ndipo taonani, benchi ija ili pomwepo, achimwene ake ali pompo ndi nyimbo m'manja, masiku onse ali kumbuyo kwawo akuotcha chimanga. Anayang'ana kutsidya, aliko. Anayang'ana kuno, alipo. Mayi uja analumpha ngati mwana, n'kuvina pamchenga mpaka chitenje kumasuka.

Ndiye kwaya inayamba. A kutsidya anatenga besi ndi tenala, a kuno anatenga sopulano ndi alito, ndipo atenala, kwa nthawi yoyamba chilengedwere dziko, analowa pa nthawi yake. Anaimba ndime yoyamba ya nyimbo yatsopano ija, mtsinje n'kuima kuti umvere. Analowa ndime yachiwiri, mawu akukwera, akukwera, ndipo pakati penipeni onse anangoti zii, pakamwa pali potsegula. Pamene inathera nyimboyo panaima kamzere kaja, kakuoneka n'kusowa.

"Pitirizani, achimwene," anatero Ndaziona.

"Ine ndinalekezera pamenepo," anayankha a Fanuwelo onse a mbali ziwiri. "Mwakhala mukulondera malo anga ngati mlonda. Tsopano malowo asungika kutsidya, palibe angawasunthe. Mumasuleni mnzanuyo, miyendo yake yatopa."

Kamzereko kanawerama mwaulemu. "Kulikonse kumene mungatilozere, mayi, bola tiyende."

Ndaziona anadzidzimuka. Dzuwa linali litasuntha pang'ono chabe, nkhuku ya aneba ikujompha chala chake chakuphazi, laputopu ikutentha pamiyendo n'kumalira ka-ka-ka. Sanadzuke n'komwe kukasamba m'maso. Analumikiza intaneti ya pafoni, anachita mzere woyamba, anachita wachiwiri, kenako anaika chala pa kapepala kaja n'kukopera mzere wachitatu chilembo ndi chilembo. Manambala anathamanga pa sikirini, anaima kanthawi, kenako anafika pa handiredi. Anatsegula malo a achimwene ake aja pafoni kuti aone ndi maso. Zonse zinali pamenepo, "eeee" yemwe, ndipo pansi pa masiku ake onse panali mawu aja akuti "Ndayamba nyimbo yatsopano, ndatopa."

Anaseka misozi ikutsika, mpaka mayi a kuseri kwa mpanda anafunsa ngati kuli bwino. "Kuli bwino, anzanga!" anakuwa. "Achimwene awoloka!" Mayiwo sanafunsenso.

Kenako analowa m'windo lachisanu. Anang'ung'udza ndime yachiwiri kuyambira pachiyambi, ndipo atafika pamene kwaya inatsala kukamwa kuli yasa, mawu ake sanaime. Analemba notsi imodzi, so, ndipo kamzere kaja kanasuntha. Analemba ina, kanasunthanso. Atamaliza mzerewo anadinda tsikulo, ndipo pamalo olembapo mawu analemba kuti, "Ndapitiriza, achimwene." Ndaziona wa tsiku limenelo sanamudikiritse pagombe, anamukankha nthawi yomweyo.