Chala cha Akochi pa Msongolo

Lolemba lililonse Akochi ankatikhazika pabenchi m'kachipinda kosungira mipira yophwa, n'kumatidina msongolo ndi chala chachikulu, kuyambira pabondo kutsika. Ukangokoka mwendo, basi, suthamanga mpaka iwo atanena.

Pa mpikisano wa makilomita makumi awiri ndi imodzi, malo a mtsikana anali amodzi okha. Tinkawalimbirana awiri, ine ndi Nswala, mwana wa achemwali awo a Akochi. Iyeyo Akochi ankamulola kuthamanga makilomita makumi asanu ndi limodzi pa sabata. Ine makumi awiri ndi asanu.

"Sabata ino uwonjezere awiri," anandiuza Akochi.

"Awiri? Nkhuku imayenda oposa pamenepo."

"Nkhuku ilibe mpikisano. Mapapo amazolowera msanga, Kamoto, mafupa amachedwa. Awiri, awiri, awiri, sabata yachinayi ubwerere m'mbuyo."

Kuthamanga ndinadziphunzitsa ndekha pamsewu wopita kushopu kumene ndimasoka, palibe anandigwira dzanja. Nanga nzeru za mafupazi zinkatulukira pa ine ndekha bwanji? Ndinaona kuti akufuna tsikulo lindipeze wosakhwima, wachibale adutse.

Ndiye ndinayamba kuba makilomita. Popita kuntchito liwiro, pobwerera liwiro, diresi lili m'chikwama kumsana. Masabata atatu okha ndinafika makumi asanu. Mwendo wamanja, umene ndimapondera mashini, unayamba kuyaka pamalo amodzi, pang'ono ngati batani.

Lolemba lotsatira Akochi anadina Nswala, iye akuyasamula. Atafika kwa ine chala chinapeza pabatani paja. Ndinaluma mano, koma mwendo unadzikoka wokha.

"Mwachita kudina mwamphamvu," ndinatero. "Mwana wa achemwali anu mumangomusisita ngati mukumudzoza mafuta."



"Dzuka, umudine wekha," anatero Akochi.

Ndinadzuka. Chala cha telala si chamasewera, ndipo ndinaikapo mtima wanga wonse. Ndinatsika msongolo wonse, ndinasintha mwendo.

"Mwamaliza, asisi?" Nswala anafunsa. "Mukundigirigisha."

"Uyu wathamanga zaka zinayi," anatero Akochi. "Anayambanso ndi awiri awiri, akulira ngati iwe. Iwe miyezi isanu. Tsopano dzidine wekha, ine manja anga ali kumbuyo."

Anthu onse maso pa ine. Ndinakhudza pabatani paja pang'ono chabe, misozi inatuluka isanapemphe.

"Angati pa sabata?" anafunsa Akochi.

"Makumi asanu."

"Ndinadziwa. Nsapato zako zatha chidendene m'masabata atatu."

Mtima unandiwira kachiwiri. "Ndiye munaona, n'kukhala chete? Munkadikira mwendo uwonongeke?"

"Ndikanalankhula ukanamva?"

Akochi anatenga cholembera, n'kulemba dzina la Nswala pafomu ya mpikisano, ine ndikuona. Ine anandilembera masabata asanu ndi limodzi osathamanga, ndiponso kuti ndikaonetse mwendowo kuchipatala.

Potuluka Nswala anandinyamulira chikwama.

"Mukachira tizithamanga limodzi," anatero. "Awiri awiri."

Ndinamulanda chikwamacho. Kuti mwendo ndinauwononga ndekha, sindikana. Koma ndikamaponda mashini ndi wamanzere, ulusi ukudukaduka, funso limabwerabe: zikanakhala nsapato za Nswala zimene zinatha chidendene, malume ake akanadikira Lolemba?