Mpweya wa Che Atumani

Fita, tepi ya nyimbo za chitoliro cha malemu Che Atumani, inalipo imodzi yokha pansi pano, ndipo Cândido anaibwereka ndi bodza. Anauza Atija, mkazi wa malemuyo, kuti akungofuna kuimvera masiku atatu. Atija sanamupatse ngakhale mpando. Ankadziwa, monga dera lawo lonse la Chiuaula linkadziwira, kuti ndi Cândido yemweyu amene anaumiriza mwamuna wake kukwera koluna, mdipiti wa galimoto zopita ku Cuamba, kuti akaimbe kumsonkhano. Galimoto zonse za kolunayo zinaotchedwa ndi zigawenga panjira, Che Atumani ali momwemo.

"Masiku atatu, a Cândido," anatero Atija. "Ibwere monga yapitira. Ndilibenso china cha iwo."

Chaka chimenecho ufulu unali kukwanitsa zaka khumi, ndipo gulu la oimba limene Cândido ankalijambulira nyimbo ku Sanjala linayenera kuimba pachikondwerero. Iye anafuna kuti Brígida, woimba wawo, aimbe fita ya chitoliro ikulira kumbuyo. Vuto linali lakuti mawu a Brígida anali okwera, chitoliro chotsika, ndipo munthu wakufa sungamuuze kuti tabwerezani mokweza.

Koma Cândido, kunena zoona, manja anali nawo, ndipo ankadziwa kuti ali nawo, amenewo ndiwo anali matenda ake. Anakulunga selotepi pakachitsulo kokoka fita kuti izithamanga pang'ono. Anawonjezera, nachotsako, nawonjezeranso, mpaka chitoliro chinakwera n'kukakumana ndi Brígida. Chinalira bwino ndithu. Chimene chinaulula chinyengo ndi kupuma. Che Atumani anali ndi mphumu, ndipo pokoka mpweya pachifuwa pawo pankalira kamluzu. Fita itathamanga, kupumako kunasanduka wefuwefu wa kagalu, moti ndi wogontha yemwe akanadziwa kuti ndi zamakina.

Akanakopera pa fita ina, koma mu Lichinga wosowa ndi sopo yemwe, fita yatsopano akanaitola kuti? Anatenga lezala. Paliponse pamene malemu anakoka mpweya anadulapo, n'kulumikizapo kachidutswa kopanda mawu. Anadula malo makumi anayi ndi amodzi. Kunali kuzizira kwa Juni kuja kolowa m'mafupa, mbaula ili pambali pake. Atamaliza anasesa tizidutswa tonse, natiponya pamakala. Tinanunkha pang'ono basi.

Tsiku lachitatu m'mawa Atija anatulukira osagogoda.

"Fita yanga."

"Dona Atija, tangomverani kaye. Amuna anu aimba pamaso pa cidade, mzinda wonse."

Anayatsa makina akumwetulira. Chitoliro chinalira chokwera, chosalala.

"Zimitsani. Ameneyo ndani?"

Cândido anaseka, nachotsa selotepi ija, nabwezera fita poyambira. Mawu anatsika kubwerera pamalo pake.

"Mwaona, mayi? Ndi iwowo. Sindinaononge kanthu."

Atija anamvetsera atatsinzina. Nyimbo inayenda, n'kuima zii, n'kuyendanso, n'kuimanso zii. Itaima kachitatu anatsegula maso.

"Munthu uyu sakupuma."

"Aa, ndi phokoso chabe limenelo, ndinangoliyeretsa. Ndiyo técnica yake."

"Phokoso?" Atija sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Cândido. "Chitoliro ndi bango, bambo. Aliyense angathe kuliza bango. Ine ndikayatsa fita iyi sindimvera bango ayi. Zaka makumi awiri ndagona pambali pa kamluzu kameneko. Kakasiya ndinkawagwedeza kuti ndione ngati ali moyo. Mtembo wawo sindinauone, sanda sindinawaveke. Wallahi, chimene chinabwera kunyumba ndi ichi chokha."

Cândido anachita manyazi, ndipo manyaziwo anamukwiyitsa.

"Inu simukumvetsa ntchito imeneyi," anatero.

"Ndaimvetsa. Mwadula. Chodulidwa chimalumikizika, si ndi mmene mwachitira apa? Ndipatseni tizidutswato, mutibwezere pamalo pake ine ndikuona."

Anatambasula dzanja. Cândido anayang'ana patebulo, pansi, pazenera. Anayesetsa kuti asayang'ane mbaula, koma maso ndi akazitape, anapita okha. Atija anawatsatira.

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana phulusa la m'mbaulamo. Kenaka anavula mpango wakumutu, mayi amene sanaonetsepo tsitsi pamaso pa mwamuna wachilendo, nagwada, nayamba kuwolera phulusa mumpangomo ndi manja, likadali lofunda.

"Oyamba aja anawaotcha osawadziwa," anatero osatembenuka. "Inu munkadya kwathu."