Jagi ya Ottavio

Ottavio anatsikira kumigolo ya vinyo atanyamula jagi yadothi, nkhungu isanachoke m'minda ya mphesa. Linali Lamulungu la Novembala, tsiku limene banja limadya banya kauda, msuzi wotentha wa adyo, tinsomba tamchere ndi mafuta a azitona, posangalala kuti ntchito yokolola yatha. Msuzi umenewu mnzake ndi vinyo wa Barbera basi. Ngakhale mwana amadziwa kuti kuwawasa kwa Barbera ndi kumene kumatsuka mafuta m'kamwa, pomwe vinyo wa Nebbiolo amadikira zaka zake ndi nyama ya ng'ombe yowira tsiku lonse.

Chimene munthu aliyense sankadziwa, m'maganizo a Ottavio, n'chakuti mphuno yake inafa zaka ziwiri zapitazo. Anadwala chimfine chachikulu m'nyengo imene anaika maliro a mkazi wake, ndipo atadzuka anapeza kuti khofi, adyo ndi vinyo zonse zasanduka madzi. Sanalire. Anangozolowera kugwedeza mutu ngati akumva, poti kwa zaka makumi anayi lilime lake ndi limene linkalamula vinyo woti alowe m'botolo. Likadziwika kuti linatha ntchito, iye akanatsala ndani pakhomopo?

Ankadalira malo: mgolo wachitatu kumanzere ndi Barbera. Anatunga, nakwera masitepe.

Patebulo panali mwana wake Mirella ndi mlamu wake Celso, mkulu wopanda chitseko pakamwa. Mphika unkabwata pang'onopang'ono pakati pawo. Ottavio anathira vinyo m'makapu adothi amene bambo ake anasiya, nalawa woyamba monga mwa mwambo. Anazunguliza m'kamwa, kenaka ananena mawu amene ankanena chaka chilichonse, kuti Barbera wa chaka chino wawawasa bwino, watengera dothi la kumtunda.

Celso anaviika tsabola wofiira mu msuzi, natafuna, namwera. Nkhope yake inachita tsinya ngati waluma msomali.

"Alamu, mwatipatsa chiyani? Uyu ndi Nebbiolo wosakhwima, wandimanga lilime lonse. Kapena mukufuna ndife lero kuti munda wanga wa kumtsinje mutenge?"

Anayamba kuseka yekha, koma ataona kuti palibe womuthandiza, anasiya. Anayang'ana kapu ya Ottavio, imene inali itatsika theka. Anati akukaona galu wake panja.

Ottavio anadikira manyazi, kapena mkwiyo, koma sizinabwere. Ankangomva kubwata kwa mphika.

Mirella anafotokoza maso ali pansi. Migolo anaisuntha ndi iye Lachinayi pokolopa, naiwala kubwezera. Sichinali chiwembu. Kenaka anapuma, nanena zimene anazisunga nthawi yaitali.

"Bambo, ine ndinadziwa kalekale. Tsiku lija mkaka unapserera pamoto inu muli pomwepo mukuwerenga nyuzi."

"Nanga vinyo wa chaka chatha, amene anthu anamutama uja?"

"Mukalawa n'kutuluka, ndinkalowa ine. Pena ndinkasintha zimene mwalamula."

Anthu amati chinsinsi ndi cha munthu mmodzi, koma ichi anachisenza awiri, aliyense akubisira mnzake. Ottavio anayang'ana mwana wakeyo. Anali atayamba imvi pafupi ndi makutu, ndipo zala zake zinali zakuda ndi madzi a mphesa monga zinkakhalira za amayi ake. Ottavio anayesa kukumbukira fungo la Nebbiolo, la maluwa ouma ndi phula, koma anangopeza mawu okha.

Anadzuka, nakatenga pakhoma kachubu kagalasi kotungira vinyo m'migolo, kamene palibe wina ankakagwira iye akuona. Anakapukuta ndi malaya ake, nakaika pambali pa mbale ya Mirella. Anamukankhiranso jagi ija.

"Pita ukatunge Barbera. Uitanenso amalume ako, galuyo amuona mokwanira."

Mirella atatsika masitepe, Ottavio anatsala yekha ndi mphika. Anatenga tsamba la kabichi, naliviika mpaka pansi pamene adyo amakhala, nalitafuna nthawi yaitali. Linali lofunda.

Atabwera onse, Mirella anathira vinyo m'makapu atatu. Mwa chizolowezi, iye ndi Celso anadikira kuti mwini nyumba ayambe. Ottavio sanakhudze kapu yake.

"Lawa ndiwe, mwanawe," anatero. "Undiuze mmene alili."